KODI BANJA LA KU MUDZI LIGULE KAGALIMOTO KA M'TAUNI?

Nyengo ya kukolola ikafika, ifika pamodzi ndi nkhani ina imene timaimva chaka ndi chaka pa mabwalo ndi pa makonde. Wina wagulitsa fodya wake ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, wina wapeza bwino ndi soya ndi mtedza, winanso mwana wake wa ku Joni wamtumizira kangachepe; ndipo onsewa, pokhala pansi madzulo ndi a m'banja mwao, funso lao ndi limodzi: kodi ifenso sitingagule kagalimoto konga kaja tikaona m'tauni? Ambiri a inu mwatifunsa mau amenewa pa njira ndi pa misika. Chifukwa chake mwezi uno taganiza kuti tikambirane nanu nkhaniyi modekha, pakuti ndalama zolowa m'kagalimoto ndizo thukuta la zaka zingapo, ndipo zikalowa molakwa sizibwerera.

Poyamba tidziwe kumene timagalimoto timeneti tichokera. Pafupifupi tonse tichokera ku Japan, kumene anthu ayendetsa ku dzanja lamanzere la msewu monga ife kuno, kotero kuti chiongolero chake chikhala mbali yoyenera misewu yathu. Ku dziko limenelo kuli lamulo lakuti galimoto yatsopano ikatha zaka 3 ipimidwe ndi boma, ndipo pambuyo pake ipimidwe zaka 2 zilizonse. Kupimitsako ndi kwa mtengo wapatali, ndipo eni ake ambiri aona kuti nkwabwino kuigulitsa ndi kugula ina. Amalonda aigula pa misika ya okushoni, naikweza m'sitima za pamadzi ku Yokohama, ku Nagoya kapena ku Kobe. Itayenda pa nyanja mwezi wathunthu kapena kupitirirapo, itsikira kawirikawiri pa doko la Dar es Salaam, ndipo kuchokera pamenepo dalaivala aiyendetsa makilomita pafupifupi 900 kufikira pa chipata cha Songwe ku Karonga, kenaka ikwera phiri la Chiweta kubwera kuno kumwera. Zina zilowera ku Mwanza ndi ku Dedza. Pa chipata a MRA alandira msonkho, ndipo msonkhowo ukula molingana ndi kukula kwa injini ndi ukalamba wa galimoto. Ichi ndicho chifukwa chake timagalimoto ta injini zazing'ono tadzaza m'misewu ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu.

Maina ake mwawamva. Toyota Vitz anayamba kuipanga m'chaka cha 1999, ndipo ku Japan dzina limeneli analisiya mu 2020. Yambiri imene ifika kuno ili ndi injini ya lita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Toyota Passo inayamba mu 2004. Pansi pa izi pali tina tating'ono koposa, monga Daihatsu Mira ndi Suzuki Alto, timene lamulo la ku Japan silitilola kupitirira injini ya 660cc, kapena utali wa mamita 3.4, kapena kunyamula anthu oposa 4 kuwerenga ndi woyendetsa yemwe. Tikumbukire bwino mau awa akuti anthu 4, pakuti tidzabwererako. Amisiri amene anatipanga anali kulingalira za mai wopita ku sitolo pa msewu wosalala, ndi kalaliki wofuna poimika popapatiza pakati pa nyumba zazitali. Za chigwa cha kwathu m'mwezi wa February sanaziganize nkomwe, ndipo sitingawadzudzule.

Tsono ubwino wake ulipo ndithu, ndipo sitiubisa. Kagalimoto kotere sikadya mafuta ambiri. Pa msewu wa tala, kakakhala kabwinobwino, kayenda makilomita 15 kapena kupitirirapo ndi lita imodzi ya petulo, kotero kuti ulendo wa ku Lilongwe kuchokera ku Blantyre, umene uli makilomita oposa 300 pang'ono, ungathe ndi malita ngati 20. Galimoto yaikulu ya m'tchire ifuna pafupifupi kawiri. Matayala ake ndi ang'onoang'ono ndi otsika mtengo, batire yake chimodzimodzi. Popeza Vitz ndi Passo ndi zambiri m'dziko muno, zipangizo zake zipezeka m'masitolo a m'mizinda, ndipo amakaniko ngakhale a pa boma lathu anazizolowera. Ichi ndi chinthu chachikulu. Munthu akagula mtundu wachilendo chifukwa chakuti ndi wokongola ndi wotchipa, kachitsulo kamodzi kakathyoka adikira miyezi kuti kachokere kunja.

Koma ubwino umene ukoka mtima wa munthu wa ku mudzi ndi wina, ndipo tonse tiudziwa. Ndiwo usiku uja mai wapakati ayamba kudwala mvula ili kugwa, kapena mwana wakomoka ndi malungo, chipatala chili kutali, ambulansi ili kwina. Amene ananyamulapo wodwala pa machira kapena pa ngolo mu mdima, nafika naye ku chipatala mochedwa, sitingamuuze kuti galimoto ndi chinthu chachabe. Pa usiku wotere kagalimoto kakang'ono kaposa ng'ombe khumi m'khola. Ife timva kulemera kwa mau amenewa, ndipo pa zonse tinene kutsogoloku tisawaiwale.

Komatu tifunse chilungamo: usiku wotere ufika kangati pa chaka? Ndipo ufika nyengo yanji? Kawirikawiri malungo achuluka m'dzinja, ndiyo nyengo yomweyo imene msewu wathu usanduka phala. Mimba ya kagalimoto aka italikira pansi masentimita 14 kapena 15 basi, ndiko kunena kuti sikufika ngakhale chikhatho chotambasula cha munthu wamkulu. Mukakwezamo anthu itsikanso. Pamene matayala a malole anakumba ngalande ziwiri nasiya mtumbira pakati, kagalimoto kakhala pa mtumbirawo ngati nkhuku pa mazira, matayala ali kuzungulira chabe.

Tidziwa banja lina la m'dera lathu lino, mudzi wao uli makilomita 18 kuchokera pa tala. Bambo wa m'nyumbamo, munthu wakhama ndi wosamwa, anagulitsa fodya, naonjezapo ng'ombe 4, nagula Mira yoyera kwa wamalonda wina m'tauni. Tsiku lofika nayo mudzi wonse unasonkhana, amai analuluta, ana anathamangira fumbi lake. Chilimwe chonse inayenda bwino, ndipo inathandizadi anthu: inapereka odwala awiri ku chipatala, inanyamula mkwati. Mvula itayamba, tsiku lina pobwera ku msika atanyamula anthu 6 ndi matumba a feteleza, anagunda mwala pa chigwa. Anamva kugunda, koma popeza injini sinazime anapitirira. Mwalawo unali utaboola chiwaya cha pansi pa injini chosungamo oyilo, chimene amakaniko achitcha sampu. Kanyali kofiira kanayaka kutsogolo kwake, iye osadziwa tanthauzo lake. Atayenda makilomita awiri injini inauma nigwirana. Mtengo wa injini ina unaposa zimene banjalo likanapeza chaka chimenecho. Lero kagalimoto kaja kali pansi pa mtengo wa mango pa njerwa zinai, ndipo ngolo imene inali kutuluka ndi ng'ombe zija kukatuta chimanga ili chigonere kuseri kwa nkhokwe. Kumunda abwereka ng'ombe za eni.

Sitinena izi kuti timseke mbale wathuyo. Cholakwa chake chinali cha ambiri: anawerenga mtengo wogulira wokha. Galimoto ili ngati mlendo amene wadza kudzakhala, ndipo adya tsiku ndi tsiku, ngakhale tsiku limene sagwira ntchito. Tiyeni tiwerenge pamodzi chakudya chake. Tinene kuti boma lanu lili makilomita 25, ndipo mupitako kawiri pa mlungu. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 50, pa mlungu 100, pa mwezi 400. Pa tala mufuna malita ngati 27, pa msewu wa fumbi oposa 30. Funsani mtengo wa lita imodzi lero, muchulukitse, ndipo muyerekeze ndi ndalama imene mulipira pa minibasi kapena pa kabaza maulendo 8 omwewo. Pamwamba pa mafuta pali oyilo wa injini, woyenera kusinthidwa pa makilomita ngati 5,000 alionse, pamodzi ndi sefa yake. Pali sefa ya mpweya, imene kwathu kuno itsekeka msanga ndi fumbi. Pali matayala, mabuleki, ndi zitsulo za ku miyendo zimene mabampu azidya. Boma nalonso lifuna zake. Lamulo silola galimoto kuyenda yopanda inshuwalansi, ngakhale yochepa ija yolipira munthu amene mwampweteka. Ifunikanso chiphaso cha COF chosonyeza kuti ili bwino, ndipo woyendetsa akhale ndi layisensi yeniyeni, imene ifuna sukulu ndi mayeso. Pa msewu wa M1 palinso zipata zolipiritsa, cha Chingeni chimene chinatsegulidwa mu 2021, ndi cha Kalinyeke ku Dedza mu 2022.

Pali chakudya chinanso chimene sichilembedwa m'buku lililonse, ndicho chibale. M'tauni munthu atsekera galimoto yake mu mpanda, ndipo mnansi wake sadziwa ngakhale dzina lake. Ku mudzi galimoto ya munthu mmodzi ndi ya fuko lonse. Maliro akagwa kuchimuna, ipite. Chinkhoswe kuchikazi, ipite. Amalume afuna kukaona mlandu wao ku khoti, ipite. Ndani adzalimba mtima kuuza apongozi ake kuti, thirani mafuta? Kuthandizana kumeneku ndi mwambo wabwino wa makolo athu, ndipo ife sitiunyoza. Tinena chabe kuti wogula auwerengere pamodzi ndi petulo, ndipo agwirizane ndi abale ake tsiku loyamba lomwe, mitima ikali yokondwa, kuti wobwereka athira mafuta ndipo woyendetsa akhala mmodzi. Mau otere awawa akanenedwa mochedwa.

Ena ati, tidzaibweza ndalama ponyamula anthu. Apa tichenjezane kwambiri. Galimoto yonyamula anthu olipira ifuna chilolezo chake, inshuwalansi yake, ndi nambala zofiira. Wonyamula mobisa akagwidwa alipira chindapusa, ndipo ngozi ikachitika a inshuwalansi angathe kukana kulipira, mlandu wonse nugwera mwini wake. Ndiponso kumbukirani anthu 4 aja. Matumba 5 a chimanga a makilogalamu 50 alemera ngati anthu akulu 4. Tiona m'misewu timagalimoto titadzaza anthu 8, mbuzi kumbuyo, thumba padenga, mphuno ili m'mwamba. Mabuleki ake anawapangira katundu wochepa, ndipo potsika phiri satha kuimitsa wochuluka chotero. Amene akwera m'menemo ndi ana a anthu.

Nanga mtengo wake weniweni? Pano pali chinthu chimene chasokoneza ambiri. Galimoto izi zigulidwa kunja ndi madola. M'mwezi wa May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100. Zitachitika izi, anthu ena anagulitsa magalimoto ao ndi makwacha ochuluka kuposa amene anagulira, ndipo mbiri inawanda yakuti galimoto ndi nkhokwe yosungiramo chuma. Koma werengani m'matumba a feteleza kapena m'malata, osati m'makwacha: ndalama zambirizo zinagula matumba ochepa kuposa zija zoyamba. Ng'ombe yaikazi ibala, mtengo wa m'munda ukula, nyumba ya njerwa ikhala. Galimoto ikalamba tsiku lililonse, iyende kapena isayende. Zipangizo zake nazonso zikwera pamodzi ndi dola. Tikumbukenso mizere ija ya pa malo ogulitsira mafuta m'zaka za 2022 mpaka 2024, pamene anthu anali kugona m'magalimoto kudikira petulo. Wa m'tauni anali kumva msanga kumene mafuta afika. Wa ku mudzi anatentha malita ake otsiriza popita kukafunafuna.

Chifukwa cha zonsezi, kuweruza kwathu ndi uku. Banja limene lili ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, monga la mphunzitsi, la namwino, kapena la wamalonda wa sitolo yokhazikika, ndipo likhala pa tala kapena pafupi napo pa msewu wosavuta m'dzinja, lingagule kagalimoto kotere ndi kupindula nako zaka zambiri. Tidziwa banja lotere pa boma lathu, limene layenda ndi Vitz imodzi zaka 7 popanda vuto lalikulu, chifukwa bamboyo asintha oyilo pa nthawi yake nalemba tsiku m'kabuku, ndipo kumudzi kwao apitako nayo m'chilimwe chokha. Koma banja limene ndalama zake zifika kamodzi pa chaka, ndipo likhala kutsidya kwa madambo, kagalimoto ka m'tauni sikaliyenera. Ndalama yomweyo igula njinga yamoto yatsopano, nitsalako ya feteleza ndi ya sukulu. Kapena ikonza ngolo ndi kuonjezera ng'ombe. Za usiku wa matenda uja, pali njira yotsika mtengo: kusunga padera ndalama ya ulendo umodzi kapena iwiri, yosakhudzidwa ngakhale pa njala, ndi kudziwana bwino ndi mwini galimoto yolimba wa pafupi, nambala yake ili m'foni ya bambo ndi ya mai. Mai wapakati apite msanga kukadikirira ku chipatala masiku asanakwane, monga alangiza anamwino.

Ndipo chimodzi tichinena molimba: musagule galimoto ndi ndalama ya katapila, musaigule pogulitsa munda. Ngongole ya banki m'khonde nayonso inapangidwira geni yobweza msanga, osati chinthu chodya ndalama.

Tsono kwa inu amene mwawerenga zonse, mwaona kuti mungathe, tikupatseni malangizo a pa tsiku logula. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo palibe malonda amene mwambiwu uwayenera koposa awa. Utoto wonyezimira ndi wailesi yolira bwino zisakutengeni mtima. Pitani ndi makaniko wanu, amene mumlipira inu, osati amene akuonetsani wogulitsa. Pitani m'mawa, injini isanalizidwe, ndipo muikhudze kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Injini yodwala ibisa matenda ake ikatentha. Potembenuza kiyi, tinyali tonse ta kutsogolo tiyake, ndipo injini ikalira tizime. Kanyali kamene sikayaka nkomwe, mwina wina anakachotsa kuti kasaulule kanthu. Imani kumbuyo muone utsi: wobiriwira ngati mtambo usonyeza kuti injini idya oyilo. Tsegulani chotsekera cha oyilo. Mukapezamo thovu loyera ngati mkaka wosasa, madzi alowa m'mene sayenera kulowa, ndipo musiyane nayo pomwepo.

Gwadani pansi, ngakhale mwavala zoyera, muone ku mimba kwake. Kumpoto kwa Japan kugwa chisanu choundana, ndipo athira mchere m'misewu kuti chisungunuke; galimoto zochokera kumeneko zidyeka dzimbiri kunsi pamene pamwamba pali pokongola. Tukulani mphasa za pansi pa mipando: matope ouma ndi fungo la chinyezi zisonyeza galimoto imene inamirapo m'madzi. Manambala a makilomita musawakhulupirire okha, pakuti alipo anthu odziwa kuwabweza m'mbuyo. Yang'anani chiongolero, mpando wa dalaivala ndi zopondera, ngati zatha pamene manambala ali ochepa, china chanama. Ngati yangofika kumene kuchokera kunja, pemphani pepala la ku okushoni ya ku Japan. Pa pepalalo pakhala chizindikiro: 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 ndi yapakati, ndipo chilembo R chitanthauza kuti inachitapo ngozi nikonzedwa.

Matayala alinso ndi mbiri yao. M'mbali mwa tayala muli manambala 4 osonyeza mlungu ndi chaka chimene linapangidwa: 2318 ndiko kuti mlungu wa 23 wa chaka cha 2018. Tayala lokalamba liphulika ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano. Zambiri zifika ndi matayala a m'chisanu, a mphira yofewa, amene pa tala wotentha wa ku Chikwawa kapena ku Salima atha msanga. Muwerengeretu mtengo wa ena. Funsaninso za giya. Timagalimoto tambiri ta masiku ano tisintha giya tokha, ndipo mtundu wina umene autcha CVT ufuna mafuta akeake; makaniko wosadziwa akathiramo ena, giya ionongeka, ndipo mtengo wake ufanana ndi wa injini. Muiyendetse pa chitunda, mumve ngati ikoka mosadukiza.

Chotsiriza ndi mapepala, ndipo pano ndi pamene anthu oona mtima aberedwa kwambiri. Nambala ya chasisi yodindidwa pa chitsulo ifanane chilembo ndi chilembo ndi imene ili pa Blue Book. Dzina la pa Blue Book likhale la munthu amene aima pamaso panu, ndi chitupa chake cha unzika m'manja. Akati ndi ya mlamu wanga ali ku Joni, bwererani kwanu. Galimoto ingakhale yakuba, ingakhale chikole cha ngongole, ingakhale yolowa m'dziko yosalipira msonkho, ndipo pa zonsezi wolandidwa ndi amene yapezeka m'manja mwake. Musatumize ndalama pa foni kwa munthu amene mwangoona chithunzi cha galimoto yake. Bambo ndi mai apite onse awiri, agwirizane dzina limene lilembedwe, ndipo abale a mbali zonse ziwiri adziwe kuti galimotoyo ndi ya nyumba imeneyo, kuti tsiku la maliro pasadzakhale wolanda makiyi kwa wamasiye. Pangano lilembedwe pa pepala pamaso pa mboni ziwiri. Kenaka mupite pamodzi ndi wogulitsa ku ofesi ya Road Traffic kukasintha umwini, ndipo gawo lotsiriza la ndalama mulipereke potuluka m'menemo, dzina lanu litalembedwa. M'thumba mutsale ndalama yokwanira oyilo watsopano, masefa, matayala awiri ndi inshuwalansi ya chaka choyamba, pakuti zimenezi zifunika mlungu womwewo.